Dothi la M'chipewa cha Alamu Anga

Mwezi uno wa Okutobala ndi umene tinaika alamu anga, aphunzitsi a Chirwa, chaka chatha. Mwana wawo Davide waimba foni kuchokera ku Lusaka kuti amayi aang'ono, kumpingo akufuna wina anenepo mawu pa mwambo wowakumbukira, ndipo inu ndi amene munkawadziwa bwino. Ndamuuza kuti ine kutsogolo kwa anthu sindiima, komanso zimene ndinganene abusa sangakondwe nazo. Ndiye ndati bola ndizilembe, ngakhale sukulu yanga inathera giredi sikisi. Eni akewo akanakhala moyo akanatenga bolopeni yofiira n'kuzunguliza pepala lonseli.

Anali amuna a akulu anga, malemu Esitere. Ife ndife a Banda a ku Chiparamba, koma alamuwo analibe kwawo. Bambo awo anachokera ku Malawi kalekale kudzagwira ukalaliki pa mishoni, n'kufera konkuno osabwererako. Ukawafunsa alamu kuti kwanu n'kuti, ankati kwawo ndi paliponse pamene pali bolodi ndi choko. Anaphunzitsa masukulu a m'midzi, ku Kasenengwa uko ndi kwina, mpaka penshoni, kenaka anadzakhala m'komboni ya Kapata kuno ku Chipata, pafupi ndi pakhomo panga. Esitere atamwalira tinakamuika kwathu, pansi pa mkuyu waukulu wa kumanda. Tsiku lomwelo alongo athu aakulu a Yohane, amene ndiwo eni mbumba, analoza pambali pa mandawo n'kunena pamaso pa anthu kuti apa tasiyira aphunzitsi. Kwa munthu wopanda mudzi, limenelo si lonjezo laling'ono. Alamu anagwada pansi n'kuwomba m'manja. Moyo wanga wonse sindinawaonepo akugwadira munthu, kupatula tsiku limenelo.

Koma sanagone pamenepo. Agona kumanda a khonsolo, kunja kwa tauni, ndipo chimene chinawagoneka kumeneko ndi botolo la maswiti. Ndifika, musandithamangitse.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Pakamwa pawo panali powawa ngati alovera. Ogulitsa makala, awa amatsika ndi njinga zosenza matumba mpaka munthu osaoneka, ankawadziwa bwino. Wina akaima pageti kuti makala pano, alamu ankatuluka n'kufunsa kuti m'thumbamu muli mtengo wanji, muwanga kapena msuku, ndipo unabzalidwa ndi ndani. Munthu wapalasa njinga kuchokera mbandakucha, thukuta lili kamukamu, angayankhe chiyani? Akatha kumulalikira ankagulabe makalawo, pajatu magetsi a masiku ano mukuwadziwa. Ine ndinkawauza kuti alamu, wakuba ndi wogula zakuba amagona selo imodzi. Iwo ati n'chifukwa chake ndimagula nditakwiya.

Ine ndiye ndinkakangana nawo pa nkhani ya tsache. Esitere atapita, ndine ndinkawachapira ndi kuwasesera pakhomo, poti ana onse ali kutali. Ndikasesa masamba a mango n'kuwaunjika kuti nditenthe, ankabwera ndi ndodo yawo kudzawamwazanso. Ankati akazi a Kapata timasesa mpaka nthaka ioneke mafupa, kenaka tizidabwa kuti bwanji mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba. Tsiku lina ndinawayankha kuti ngati akufuna kugona ndi njoka angonena, ndiwabweretsere mpingo wathunthu wa njokazo. Sitinalankhulane sabata yonse, mpaka anabwera okha kudzapempha mchere, pomwe mchere unali tho m'kabati mwawo, wogula ine.

Tayi ankavala ngakhale Loweruka. Nsapato zopolisha, koma zidendene zinadyeka mbali imodzi chifukwa ankayenda mopendekeka. Tiyi wopanda shuga, m'kapu ya chitsulo imene Esitere anawagulira ali mbeta, yopindika m'mphepete, ndipo ukawathirira m'kapu ina sankamwa. Kwaya ikaimba mokhota ankatsokomola mokweza mpaka woyambitsa nyimbo atembenuke. Anthu ambiri sankawakonda, ndinene zoona. Amene ankawakonda ndi ana, kaya chifukwa chiyani, poti nawonso ankawakalipira.

Za mabotolo zinayamba chifukwa cha ana omwewo. Loweruka, makolo atapita kumsika, ana a m'komboni muno ankadzasewera pakhomo pawo chifukwa ndi pokhapo panali mthunzi. Tsiku lina anawafunsa kuti mvula imachokera kuti. Kamtsikana kena ka giredi foro kanati imachokera m'thanki lalikulu la madzi lili paphiri lija, ndipo anzake onse anavomereza. Anawafunsanso kuti ndani anaonapo ndere, zobiriwira zija zimamera pamwala kapena patsinde pa mtengo pamene pali chinyezi. Panalibe. Wina anafunsa ngati ndere amadyera nsima. Alamu tsiku limenelo anakana chakudya. Anandiuza kuti aphunzitsa moyo wawo wonse, koma taonani ana obadwira pansi pa mapiri a Chipata sadziwa fungo la nkhalango. Anati ana amenewa sangawatengere kuthengo poti thengo kulibe, ndiye thengolo alibweretsa pakhomo.

Anapita kutauni kumashopu a amwenye n'kupempha botolo lalikulu lija amaikamo maswiti pakauntala, lagalasi, loti mutu wa mwana ungalowe. Pansi anaika timiyala ta mu mtsinje wa Lunkhwakwa, pamwamba pake makala osinja, ati kuti musanunkhe. Ndinati onani, makala aja mumatukwana alowanso m'tchalitchi mwanu. Kenaka dothi, kenaka tizomera. Pobzala ankagwiritsa sipuni ya tiyi yomangirira kukansungwi, lilime lili panja ngati mwana wolemba mayeso. Akawaza madzi pang'ono ankatseka, n'kumata chivundikiro ndi phula la kandulo. Ankati ukatseka watseka, suthiranso madzi, dziko la m'katimo lizidzisamala lokha monga linkachitira lathuli tisanalilowerere.

Ulendo woyamba anaika dothi la m'ngalande ya kuseri kwa msika. Munachita nkhungu yoyera, ndipo atatsegula, fungo lake ngakhale agalu anasamuka. Ndinawafunsa ngati ayamba kutcheza kachasu paukalamba, mkulu wa mpingo wathunthu. Ulendo wachiwiri anakwera phiri la pamwamba pa tauni, mawondo akulira, n'kukatenga dothi kumeneko. Koma kumeneko moto umadutsa chaka ndi chaka, mitengo inatha, dothi lake ndi lofiira, louma ngati njerwa. Tizomera tinaima masabata angapo n'kugona. Alamu anati dothi lonse la kuno ndi lakufa, iwo akufuna dothi limene khasu, moto ndi tsache sizinalikhudze. Ndinawauza kuti loterolo akalipeza kumwamba.

Amene simunafike ku Chiparamba posachedwa mwina simungamve. Ife tili atsikana, kuchoka pamudzi kupita kumtsinje unkadutsa m'mitengo yokhayokha, masuku unkachita kuponda, bowa unkadzaza lichero usanatope. Esitere ankaopa anyani, ine ayi, ndinkawagenda. Lero ukaima pamsewu umaona mpaka mudzi wachitatu, minda yokhayokha, chimanga, soya, fodya, mpendadzuwa. Ukaona patali pali mitengo yowirira yakuda, usafunse, pagona anthu. Kumanda nkhwangwa siilowa. Ngakhale nthambi youma ikagwa palibe amaitola, imaolera pomwepo.

Tsiku lovundukula chiliza cha Esitere tinapita tonse. Unali mwezi wotentha ngati uno, koma titalowa m'mandamo munkachita kuzizira, pansi pofewa ngati ukuponda matiresi. Abusa atapemphera anthu anayamba kutuluka, alamu anatsalira pansi pa mkuyu. Tinati asiyeni alire mkazi wawo. Tsono kwathu potuluka kumanda timasamba m'manja ndi kumapazi pa beseni limene amaika panjira, nsapato timagogoda, makasu adzukulu amawapala mpaka awale. Dothi la kumanda silifika pakhomo. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti wotenga dothi la kumanda ndi munthu wa zolinga zake, wofuna kugoneka anthu tulo kuti awabere, kapena kuzimitsa banja la mnzake.

Alamu anasamba ngati wina aliyense, koma dzanja limodzi kaye kenaka linalo, chifukwa anali atagwira chipewa pachifuwa. Chipewacho sanavalenso. Mu minibasi yobwerera anachiika pamiyendo atachiphimba ndi kampango ka m'thumba, dazi likupsa ndi dzuwa la pawindo. Ndinati alamu, valani chipewa, mutu upsa uwo. Anati akulemekeza malemu. Ndinawamvera chisoni mpaka ndinawagulira nthochi pa siteji.

Ulendo wachitatu botolo linagwira. Abale, ine ndaona maluwa a m'mabwalo a mabwana, koma chinthu chobiriwira chotero sindinachione. Ndere zinayala pansi ngati bulangete, n'kukwera timiyala. Munamera timasamba tonga nthenga za nkhuku, toyamba topindika ngati chala cha khanda kenaka n'kutambasuka, ndi kena kofiirira koyanga m'mbali mwa galasi. M'mawa galasi lonse linkachita thukuta m'kati, timadontho n'kumakumana, n'kutsetsereka kubwerera pansi. Alamu ankaika chala cha mwana pagalasi kuti alondole dontho limodzi mpaka litafika m'dothi, ndiye n'kumufunsa kuti thanki lili kuti m'menemu. Munalinso kabongololo kakang'ono kamene kanalowa ndi dothi, ana anakatcha Ahedi chifukwa kankayendera malo onse pang'onopang'ono osalankhula ndi munthu. Tsamba likafa ana ankafuna kuti alichotse, koma alamu ankakana, ati dikirani muone. Linkada, n'kuola, n'kusowa, pamalopo n'kumera china. Ankati m'menemo mulibe chotayika, chakufa ndi chakudya cha chamoyo.

Azimayi a m'komboni ankakondwa. Ana sali pamsewu, sali ku mavidiyo, ali kwa aphunzitsi kuonera udzu. Ena ankawatumizira mbatata. Ana anayamba kutola mabotolo a mayonezi m'zinyalala kuti apange awo. Nyengo imeneyo alamu ananenepa, ndipo mchere anasiya kudzapempha, poti panalibe choti tikanganirane.

Chimene chinawagwetsa ndi khalidwe lawo lomwe. Alamu sankanamiza mwana. Wamkulu ankatha kumupusitsa, monga anandichitira ine mu minibasi, koma mwana akafunsa ankamuyankha zoona. Kamtsikana ka thanki kaja kanabwera ndi botolo lake lofota, n'kufunsa kuti aphunzitsi, langa likufa, inu dothi lanu munalitenga kuti. Ine ndinali pomwepo, ndikuyanika malaya awo pachingwe.

“Kumanda, ku Chiparamba,” anatero. “Ndi kokhako kwatsala nkhalango. Akufa amasunga mitengo kuposa ife amoyo.”

Malaya aja ndinawagwetsa m'fumbi. Chipewa chija chinandibwerera m'maso, ndi nthochi zanga zomwe.

Dzuwa lisanalowe Kapata yense anali atamva. Ana anasambitsidwa madzi a mchere, ena anawatengera kwa aneneri kukawapempherera. Timabotolo ta mayonezi tinaponyedwa m'zimbudzi. Mayi wina amene mwana wake anadwala malungo sabata imeneyo anaima pamsewu n'kutukwana mpaka mawu anamuthera, ati mdala ameneyu wakhala akugwiritsa ana athu galasi la akufa. Mwanayo anachira ndi mankhwala a kuchipatala, koma za kuchirako palibe anazikamba. Kutchalitchi palibe anawanena pamaso. Anangosiya kuwapatsa zowerenga, ndipo benchi yawo inayamba kukhala ndi malo ambiri. Miyala inagwa padenga kangapo. Ine kumsika anzanga ogulitsa nawo tomato ankasuntha mabeseni awo ndikafika, ngati kuti dothilo ndanyamula ine m'chitenje.

Nkhani ikafika pa siteshoni ya mabasi, ndiye kuti yafika kumudzi. Patapita masabata angapo a Yohane anabwera. Muwamvetse bwino alongo anga, si munthu woipa. Iwo ndi alamu ankakondana, akakumana ankatchova nsolo mpaka kuiwala kudya. Tsiku limenelo anabwera ndi kathumba ka mtedza monga mwa nthawi zonse. Anakhala pakhonde, botolo lili pakati pawo patebulo, koma a Yohane sanaliyang'ane ngakhale kamodzi. Anafotokoza kuti chichitikireni zimenezi maliro atsatizana pabanja, ndipo azimayi kumudzi akuti khomo la kumanda linasiyidwa lotsegula. Alamu anayankha kuti sanakhudze manda a munthu, anangotapa patsinde pa mkuyu, kodzaza chipewa basi, ndipo anatapira ana.

“Alamu, ine sindikuti ndinu mfiti,” anatero a Yohane. “Tadyera mbale imodzi zaka zonsezi. Koma mbumba ndi yanga, ndipo ikuopa. Bwerani nalo dothilo, mukhuthule ndi manja anu, munene pepani. Nkhuku ndipereka ndine.”

“Ndikatsegula, zifa.”

“Ndi udzu, alamu.”

“Ndi udzu umene unali ponseponse kwanu inu muli mnyamata. Lero uli kuti?”

Pamenepo alamu analakwa, chifukwa aliyense amadziwa kuti mitengo ya kudimba kwathu anagwetsa ndi a Yohane pomanga zigafa za fodya, ndipo fodya ameneyo ndi amene anaphunzitsa ana a mbumba yonse. A Yohane anapukusa mtedza umodzi m'zala osaudya. Kenaka anaimirira.

“Chabwino. Ife tinakusiyirani malo pambali pa mlongo wathu. Koma gawo lanu la dothi la kumeneko mwatenga kale, ndi ili lili patebuloli. Kawiri sitingakupatseni.”

Mtedza uja anausiya. Alamu sanaudye, unafumbwa m'kabati.

Kuyambira pamenepo ine ndinasanduka mtolankhani wa anthu awiri ouma mitu. Ndikapita kumudzi ndinkachonderera alongo anga, iwo ati khomo ndi lotsegula, abwere nalo basi. Ndikabwera kuno ndinkachonderera alamu, iwo ati ana adzabweranso, adzapeza chiyani? Ndinawauza kuti pitani mukakhuthule, mudzapanga lina. Anati ndi dothi liti. Zaka zinkapita, phula lija osalikhudza, ndipo m'botolomo munkangobiriwira ngati mukutinyoza.

Ine ndinali ndi maganizo anga pa botolo lija. Tsiku lina ndinawafunsa maso ndi maso kuti alamu, kodi n'za ana zokha izi, kapena mwasunga Esitere m'menemu? Anakwiya, ati zimenezo ndi zamatsenga zomwe akhala akulimbana nazo moyo wawo wonse, iyi ndi sayansi. Koma m'mawa wina ndinalawirira ndi phala, poti anali ndi chifuwa, n'kuwapeza akupukuta galasilo ndi kampango kawo. Sanandione. Ndinamva akuti mwadzuka bwanji, Nabanda. Dzina limenelo ndi limene ankamuitanira mkazi wawo. Ndinabwerera pageti n'kuodira mokweza ngati ndikungofika. Masiku angapo pambuyo pake ndinawauza kuti ngati mumamukonda mkulu wanga, bwezani dothilo kuti mukagone pambali pake.

“Kumeneko ndikagona nditafa, alamu,” anatero. “Pano ndili moyo.”

Sindinawafunsenso.

Ana sanabwerenso pakhomo, koma alamu anali mphunzitsi, ndipo mphunzitsi ndi wamakani kuposa mbuzi. Anachotsa botolo pakhonde n'kuliika pawindo la pabalaza, loyang'ana kanjira kamene ana amadutsa popita kusukulu. Anasankha windo limenelo chifukwa silimenyedwa dzuwa, ati dzuwa likalowa mwachindunji zomerazo zingaphikike ngati ndiwo. Mpanda wa maluwa anaudula kufika m'chiuno. Ndiye ana akamaweruka masana, ankandiitana ine, mayi wa zidzukulu, kundiimika pawindo panja, iwo n'kumandiphunzitsa mokweza mawu.

“Alamu, madzi ali pagalasiwa achokera kuti?”

“Mwathira inu.”

“Ndathira bwanji chivundikiro chili chomata? Ganizani, mayi wamkulu ngati inu.”

Ine yankho ndinkalidziwa, ndinalimva mpaka kulilota. Koma ndinkalakwitsa dala, chifukwa kuseri kwa mpanda kunkakhala timitu, ndipo ndikati mwina galasi likutuluka thukuta poti kwatentha, unkamva kamawu kakunong'ona kuti ayi, achokera m'masamba. Alamu ankachita ngati sanamve, koma khutu linkagwedera. Mayi wina akatulukira pakona, timitu tija tinkabalalika. Sukulu imeneyo inayenda zaka, ya mwana mmodzi wa imvi wosakhoza mayeso.

Sitiroko inawagwira m'nyengo yozizira chaka chatha. Pakamwa panakhota, mawu anatha, munthu amene mawu anali chuma chake. Tinawagoneka pabalaza chifukwa kuchipinda ankalira. M'mawa uliwonse ankaloza pawindo ndi dzanja lamoyo lija kuti nditsegule katani, ana aone. Ndinawafunsa komaliza, ndili chogwada pamphasa, kuti ndiitane a Yohane, tikunyamuleni pagalimoto, mukangogwira botolo ndi dzanja ife tikhuthule. Anatseka maso n'kutembenukira kukhoma. Mwezi wa Okutobala anamwalira kuchipatala.

Davide atafika anati bambo ake sangagone kwina, amayi ake ali ku Chiparamba. Thupi lili kumotchale, anthu ali pamaliro, ananyamula botolo kuliika m'galimoto yake, n'kundipempha ndilifungate pamiyendo chifukwa msewu ndi wa mabampu. Aka kanali koyamba kulinyamula. Linali lolemera ngati mwana wa chaka, ndipo lozizira, m'kutentha konse kuja. Njira yonse timadontho tinkagwedezeka n'kumatsika.

Chaka chimenecho mvula inali itakana, mukukumbukira, chimanga chinapsa chisanamasule. Ndipo anyamata osaka mbewa anayatsa moto m'munda wa pafupi, moto n'kulowa m'manda, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire changa. Mitengo ya m'mphepete inali yakuda. Mkuyu unalipo, koma pansi pake, pofewa ngati matiresi paja, panali phulusa. A Yohane, atakalamba, akuyenda ndi ndodo, anatitsogolera limodzi ndi azimayi achikulire a pabanja. Anauza Davide kuti akhuthule pamalo paja anasiyira bambo ake.

Davide anadula phula ndi mpeni wa m'thumba. Chivundikiro chitatseguka munatuluka fungo. Sindidziwa kuti ndilifotokoze bwanji. Linali fungo la njira ya kumtsinje ife tili atsikana, masamba onyowa, bowa, m'mawa mvula itagwa usiku. Ndinamva ngati Esitere ali kumbuyo kwanga ndi ndowa. A Yohane nawonso analimva, ndinawaona, anatseka maso. Azimayi aja anasiya kung'ung'udza. Kenaka Davide anapendeketsa botolo, zonse zinatuluka pamodzi ngati chigumu, ndere, timasamba, makala, timiyala ta mu Lunkhwakwa, n'kugwera paphulusa. Timabongololo tingapo, kaya zidzukulu za Ahedi, tinayamba kuyendayenda kufuna pobisala. M'manda monse munalibe chobiriwira china koma kamuluko. Tisanachoke, timasamba tija tinali titayamba kale kuwerama.

A Yohane anapatukira pambali ndi azimayi aja. Atabwerera anati dothi talandira, khomo latsekeka, zikomo mphwanga. Koma mawu anali akuti abweze ndi manja awo, anene pepani ndi pakamwa pawo. Wakufa sanapepese, ndipo mwana sangabwereke bambo ake manja.

Davide, munthu wamkulu wa ndevu, anagwira botolo lopanda kanthu ngati wamenyedwa.

“Amalume, bwanji simunanene ndisanatsegule?”

“Ukanabwerera nalo,” anatero a Yohane, misozi ikutsika.

Botololo sanatilole kubwera nalo, poti munakhala dothi la kumanda. Analivundikira pomwepo, pakamwa pansi, monga timasiyira mbale ndi makapu pamanda. Ndiye pambali pa Esitere, pamalo a mwamuna wake, pagona botolo la maswiti.

Alamu tinawaika mawa lake kumanda a khonsolo. Kumeneko ndi mizere yokhayokha ya dothi lofiira, nkhata za maluwa a pulasitiki zosuluka ndi dzuwa, mtengo ngakhale umodzi kulibe. Anthu anabwera ochepa. Abusa analalikira mwachidule chifukwa kunalibe pobisala. Patali, kunja kwa gulu, kunaima anyamata ndi atsikana angapo a yunifomu ya sekondale. Sanayandikire, ndipo titayamba kuponya dothi anachoka. Mmodzi wamtali ndinamuzindikira, ndi uja wa thanki.

Nyumba ija Davide anaikamo a lendi, banja laling'ono, anthu abwino. Mkaziyo ndi waukhondo, amasesa kawiri patsiku, pakhomo pali mbee, masamba a mango amatentha madzulo alionse. Mpanda wa maluwa anazula n'kuikapo wa malata, koma waufupi, windo lija limaonekabe. Katani sakonda kutsegula. Tsiku lina anandiitana kuti ndidzatenge kapu ya chitsulo imene anaipeza kuseri kwa kabati, ndipo ndili m'nyumbamo ndinasuzumira pawindo. Pasimenti ya pawindopo patsala chizindikiro chozungulira, pamene penti sinasuluke, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Ati wayesa kukwecha ndi sopo koma sichichoka. Anandifunsa kuti pankakhala chiyani, ndinati botolo.

Masana ndikakhala pakhomo panga ndimaona ana akuweruka. Akafika pa nyumba ija, aakulu amachepetsa liwiro n'kutembenuzira mutu kuwindo. Ang'onoang'ono a giredi wanu, amene sanalionepo, nawonso amatembenuka potsanzira akulu awo, amayang'ana katani wotseka uja, kenaka n'kumapita.